Chiswe ndi Chulu Chapenti

Chiswe anali mwini kampani yolima bowa m'kati mwa chulu, ndipo bowa wake ankatha dzuwa lisanakwere. Koma mkuluyu anali wamanyazi onyanya. Atamva za maofesi owala a Njuchi, chulu chake chokhakhala chinayamba kumunyansa, choncho anaitana Gulugufe, katswiri wokongoletsa malo a ntchito wochokera m'tauni.

Gulugufe anali waluso, koma wa phuma. Anazungulira chulu kamodzi n'kulonjeza khoma losalala, penti yachikasu ndi chizindikiro cha kampani chooneka ngakhale uli kutsidya kwa dambo. Kenako anapempha kulowa kuti aone mmene ntchito imayendera. Chiswe anakana, poopa kuti mlendo wa m'tauni aona mdima ndi chinyontho cha m'katimo.

"Nanga timabowo tambirimbiriti n'tachiyani, bwana?" anafunsa Gulugufe.

Chiswe ankadziwa bwino lomwe kuti bowa amapumira m'timabowomo. Koma kunena zoti kampani yake imadalira zibowo kunamulemera pakamwa.

"N'kukalamba kwa nyumba chabe, mayi," anayankha. "Chitani zimene mukudziwa."

Gulugufe sanafunsenso. Anamata timabowo tonse ndi simenti, n'kupaka penti, ndipo anapempha kuti chulu chikhale chotseka mpaka tsiku lochitsegulira. Chiswe ankadzitonthoza kuti masiku ochepa sangaphe bowa. Zomvetsa chisoni n'zakuti pentiyo sankaiona n'komwe, poti chiswe alibe maso. Ankangofunsa odutsa ngati yawala.

Tsiku lotsegulira, nyama zinabwera ndi madengu. Zinaombera m'manja chizindikirocho, ndipo Fulu, kasitomala wakalekale, anapatsidwa ulemu wotsegula chitseko. Mpweya wotentha ndi fungo la chivundi zinamubweza m'mbuyo. Bowa yense anali atasungunuka n'kusanduka matope akuda, mbewu yomwe osatsalako.

Gologolo anagwetsa dengu lake, Fulu analowetsa mutu m'chigoba osautulutsanso. Gulugufe anatembenukira kwa Chiswe.

"Bwana, ndinakufunsanitu za mabowo aja."

Makasitomala anabalalika ndi madengu opanda kanthu, ndipo kampani inathera pomwepo. Chulu chachikasu chija chikadalipo, chokongola zedi, ndipo apaulendo amalozerana njira ndi icho.

Phunziro: Mlendo amene wamuitana kudzakonza pako, muuze zoona, ngakhale zochititsa manyazi. Ukabisira sing'anga chilonda, amapaka mankhwala pamene sipakupweteka.