Mayi Amene Anasasula Nyumba ya Bambo Ake

Panali munthu wina amene anali ndi munda waukulu m'mbali mwa mtsinje. Nthaka inali yachonde, ndipo ana ake sankagona ndi njala. Koma iye ankafuna kutchuka. Anapita kwa wamalonda wina wa m'tauni kukakongola ndalama, ndipo chikole chake chinali zokolola za zaka zakutsogolo. Anamanga nyumba yaikulu ya njerwa zootcha, naifolera ndi malata. Nthawi yobweza itakwana, anakongolanso kuti atseke ngongole yoyamba ija. Anachita zimenezi mpaka kumera imvi. Pamaliro ake anthu anamutamanda kuti anali munthu wachitukuko.

Munda unatsala m'manja mwa mwana wake wamkazi. Iye ndi mwamuna wake analima molimbika, chimanga n'kubereka. Asanathire n'komwe m'nkhokwe, lole ya wamalonda uja inatulukira. Inanyamula matumba, n'kuwasiyira ongokwanira kuti asafe. Chaka chotsatira zinali chimodzimodzi. Mwana wawo woyamba anasiya sukulu. Wachiwiri anadwala malungo, ndalama yokwerera galimoto panalibe, ndipo anatsirizikira kumsana kwa amake panjira ya kuchipatala.

Wamalonda uja anabwera kudzapepesa maliro. Atakhala pansi anati, "Mayi, mwavutika mokwanira. Ndikukongozeni ina kuti mupumeko. Simubweza ndinu ayi. Adzabweza akubwerawa."

Ananena izi akuyang'ana mimba ya mayiyo, pakuti anali woyembekezera.

Mayiyo anati, "Bambo, uyu dzuwa sanalione. Wakudyerani chiyani?"

Mwambo wa maliro utatha, mayiyo anauza mwamuna wake kuti akwere padenga pa nyumba yaikulu ija. Anasasula malata onse. Anazula zitseko ndi mazenera, nagulitsa ngakhale njerwa, ndipo ndalama yonse anakapereka kwa wamalonda. Abale ake anakwiya. Atsibweni ake anamukalipira kuti, "Iwe, ukuchititsa manyazi malemu bambo ako!"

Iye anayankha kuti, "Malume, malemu akugona. Ine ndikuyang'ana amoyo."

Ngongole sinathe tsiku limenelo, inangochepa. Mayiyo anabereka mwana wake m'kanyumba kaudzu kothonya, ndipo anapitiriza kubweza kwa zaka zambiri osakongolanso. Anamwalira wosauka. Pamaliro ake panalibe womutamanda. Koma ana ake atakolola, chimanga chinalowa m'nkhokwe mwawo.

Abale anga, dziko nalonso limakongola, ndipo limakongola m'dzina lanu. Kukongola pakokha si tchimo. Koma mukamva kuti kwabwera ngongole ina, musafulumire kuomba m'manja. Funsani kuti ikagwira ntchito yanji, ndipo adzabweza ndani. Obwezawo sangathe kudzifunsira okha. Ena ali kumsana, ena akadali m'mimba. Afunsireni ndinu.