Anamanga pa Una wa Nkhanu

Fanizo ili ndinalimva kwa amayi Nasimango, amene ankatitsogolera pa mapemphero a Lachinayi. Mulungu ausunge mzimu wawo. Ndilinena monga anandiuzira.

Panali munthu wina amene ankafuna malo omangapo nyumba pafupi ndi dimba lake, m'mbali mwa mtsinje. Kwawoko anthu ankati manga pamene njuchi ya pansi yakumba. Njuchi imeneyi sidziwa mng'oma. Imakumba yokha kauna konga chala, n'kuikiramo ana ake, ndipo sikumba pofika madzi.

Koma kumadamboko kulinso kankhanu kakang'ono. Nako kamakumba una wonga chala, n'kuunjika dothi pakhomo. Iko kamakumba pamene madzi adzabwerere, pakuti madziwo ndiwo moyo wake.

Munthu uja anapeza timauna, nakondwa. Sanakhale pansi kuti aone mwini wake. Anazika nsichi tsiku lomwelo.

Mvula itayamba, m'mawa wina mkazi wake ankasesa m'nyumba. Pafupi ndi mphasa ya ana anaona dothi lonyowa litatukuka. Anaima, tsache lili m'manja. Munatuluka timiyendo, kenako kankhanu.

Pakhomo panali dzuwa, koma kumapiri kunali bii, kukugunda chapansipansi.

"Bambo a Tiyese, tinamanga kwa nkhanu," anatero mkaziyo. "Tiyeni kumtunda."

"Kanthu kosakwana ndiwo kakusamutseni, mayi? Ndiyambe ndazula nyemba zanga."

Mkaziyo anabereka mwana wamng'ono, nagwira wamkulu padzanja, nayamba kukwera. Ali pakati pa chitunda anamva mkokomo kumbuyo, ngati wa chigayo. Anaopa kucheuka. Atafika pamwamba n'kuyang'ana, kunali madzi ofiira okhaokha, denga lawo likuzungulira pakati pake. Anaitana mwamuna wake mpaka mawu anasasa. Palibe anavomera.

Pamapazi pake, pa dothi louma, kanjuchi kankalowa mu una wake, miyendo ili ndi mungu.

Apa amayi Nasimango ankanena kuti: "Anzanga, mauna amafanana. Musanagoneke ana anu pamalo poti wina akukhalapo bwino, khalani pansi muone chotulukamo. Ena madzi akadza amasambira. Inu ndi ana anu simusambira."