Mgolo wa a Kamtsitsi

Ana inu, mwambi uja woti mawu a akulu akoma akagonera musamayese kuti unagwa ndi mvula. Unabadwira m'kanyumba kotchezeramo kachasu, kuseri kwa phiri lina la ku Ntcheu, kumene kumazizira mpaka nkhuku kupempha bulangete. Nkhaniyi imveni, koma botololo n'la akuluakulu, musaliyandikire.

Kunali a Kamtsitsi, mkulu wamfupi woyenda ngati bakha wolemedwa ndi mazira. Mukanakhala pafupi ndikanakuyenderani muone. Kachasu wawo anali wa chimera cha mawere chokhachokha, wopanda shuga, chifukwa ankati wa shuga ndi bodza la m'botolo. Chuma chawo chonse chinali mbiya ziwiri zakuda, paipi yodutsa m'kabwato ka madzi ozizira, ndi migolo iwiri ya matabwa imene anapatsidwa ku mishoni ina vinyo atatha. Mwana wawo Fulatira, bambo wa ndevu zake ndi banja lake, ankagwira nawo ntchitoyo, koma maso ake ankakhala kumsewu.

Chaka china mvula inagwa masabata atatu osapuma, achule omwe mpaka anayamba kudandaula. Mawere anali atamera, koma dzuwa loyanikira chimera panalibe. A Kamtsitsi anachiyala pa nsanja, pansi n'kusonkha moto wa zitsononkho, chimera n'kuuma ndi utsi. Atatcheza, kachasuyo anatuluka ndi fungo la utsi lija. Mng'ono wawo, a Chidzanja, amene ankalankhulira m'mphuno ngati ali ndi chimfine cha chibadwire, analawa, nakwinya nkhope yonse mpaka makutu.

"Achimwene, lero mwatithirira khitchini m'kapu."

Anthu anaseka mpaka ena kugwa pa benchi. Fulatira anachita manyazi, nati kachasu yenseyo akatayidwe anthu asanaiwale njira ya kwawo. Bambo ake anamugwira mkono.

"Mwanawe, ameneyu ndi khanda. Khanda likalira sulitaya kudzala. Umuthire m'migolo, umate ndi phula, umusiye agonere zaka zitatu."

Fulatira anavomera, koma ndi pakamwa pokha. Anathiradi, namata. Mawere a chaka chimenecho asanache, a Kamtsitsi anamwalira. Maliro atangotha, Fulatira anagubuduzira mgolo umodzi kudzala n'kuukhuthula, nauza mkazi wake Nangondo kuti winawo autaye iyeyo. Nangondo anangoti zitheka. Mwamuna atachoka, anaukankhira pansi pa nkhokwe n'kuufunditsa mapesi.

Kuyambira pamenepo Fulatira anayamba kutcheza wa shuga, wofulumira, wokanda pakhosi ngati wameza mphaka wamoyo. Anthu amene kale ankakwera phiri kutsata a Kamtsitsi analeka. Akwerenji, pamene wotereyo ankapezeka kuseri kwa nyumba iliyonse?

Patapita zaka zitatu, inakwana nthawi yomanga chiliza pa manda a malemuwo. Pa banja limenelo panali mwambo wakuti dontho loyamba kuthiridwa pa chiliza lichokere m'mbiya za malemu, lophikidwa monga ankaphikira mwini wake. A Chidzanja anatumiza uthenga wosapita m'mbali: ngati Fulatira sangathe, mbiya ndi paipi zibwerera kwa abale a malemu, iye akapeze ntchito ina.

Fulatira anaviika mawere mothamanga. Koma poti masiku onse aja maso anali kumsewu, sankadziwa tsiku lovundukula. Chimera chinachita nkhungu, chinanunkha mpaka nkhumba inachinunkhiza n'kupepesa. M'mawa wa tsiku la chiliza, anthu atayamba kufika, iye anali khale pafupi ndi mbiya zopanda kanthu, manja ali m'masaya. Nangondo anabwera nagwada pambali pake.

"Bambo a Lonjezo, kodi apongozi aja anati zaka zingati?"

"Zitatu. Ukufunsiranji zimenezo lero?"

"Ndiye tiyeni kunkhokwe, zakwana."

Anachotsa mapesi, natokosa phula. Kachasu amene analowa woyera ngati madzi anatuluka wofiirira ngati uchi, atachepako pang'ono chifukwa matabwa nawo anali atamwako gawo lawo. Kumanda, atathira dontho loyamba pa chiliza, Fulatira anapereka kapu kwa a Chidzanja. Mkuluyo ananunkhiza, nakonzekeratu kukwinya nkhope monga kale. Analawa. Nkhope inakana kukwinyika. Anthu onse ankangoyang'ana kukhosi kwawo.

"Utsi uja ulipo," anatero potsiriza, ndipo tsiku limenelo mawu sanadzere m'mphuno. "Koma wakhala pansi mwaulemu ngati mkamwini. Amene ndinayamba kuseka ndine. Achimwene ankadziwa. Mawu a akulu akoma akagonera."

Mbiya sizinachoke pakhomopo. Fulatira anaphunzira kumeretsa chimera kwa mkazi wake, amene zaka zonse zija ankaonera apongozi ake ali chete, ndipo anayamba kuyanika pa utsi mwadala, ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Ndimamva kuti azungu chakumwa chotere amachitcha wisiki, ndipo wa zaka zitatu amati akadali mwana. A Kamtsitsi anali atanena kale zimenezo osakwerapo ndege.

Tsono mwambiwu ukutanthauza kuti malangizo a munthu wamkulu, pa tsiku limene akukuuza, amatha kuwawa ndi kununkha utsi. Kukoma kwake kumadziwika nthawi ikapita, mavuto aja atafika. Chako n'kuwasunga, ngakhale usanawamvetse. Fulatira anapulumuka chifukwa wina anamusungira theka. Theka linalo linamwedwa ndi dzala, ndipo mpaka ukalamba wake, Fulatira akamadutsa pamenepo, ankavula chipewa.