Lipenga la Ng'azi

Khalani pansi, ana inu, ndikuuzeni nthano monga ndinaimvera kwa malemu a Kamtedza, amene ankalondera pachigayo, Mulungu ausunge mzimu wawo. Sindiwonjezera kanthu, sindichotsera kanthu.

Padangokhala, madambo asanayambe kuuma, panali dambo lina lalikulu kumene mbalame zinkaikira mazira. Mlonda wamkulu wa dambolo anali Ng'azi. Ankayenda ndi lipenga la bango pakhosi. Lipengalo likalira ndiye kuti wakuba wagwidwa, ndipo mwini lipenga ndi amene ankagamula mlandu pabwalo.

Pa unyamata wake Ng'azi anali mlonda weniweni. Chaka china Nsato italowa m'dambo, iye ndiye analimbana nayo mpaka inathawa, chipsera n'kutsala pamsana pake. Koma zaka zinapita, miyendo inalema, mimba inakula. Tsiku lina anapeza dzira losweka kale, n'kulawa. M'mawa mwake anaswa yekha lina. Kuyambira pamenepo mazira anayamba kusowa, ndipo lipenga linkangolirira osalakwa. Lero Chule, mawa Khoswe.

Kenaka kunagwa chimvula. Madzi analowa kuuna kwa Ng'azi n'kutulutsa zigoba za mazira, mbwee, kuyandama dambo lonse. Nkhanga anazindikira zake. Nkhwali anazindikira zake.

"A Ng'azi," anatero Nkhanga, "izi zatuluka kwanu. Kodi abambo mwayamba kuikira?"

Palibe anaseka. Mbalame zinali zitatopa ndi kulira maliro a ana osabadwa.

Tsono padambopo panali mwambo. Mlonda sankazengedwa mlandu lipenga lili pakhosi. Ankayenera kulitula, ndipo iye mwini ndiye ankasankha wolinyamula. Makolo anaika mwambowu poganiza kuti mlonda wakale ndiye amadziwa amene ali ndi maso. Wosankhidwayo ntchito yake yoyamba inali kuweruza mlandu wa amene wam'sankha.

Ng'azi anakwera pathanthwe, n'kugona chafufumimba, maso ali tsinzini. Ankadziwa kuti mlandu ukam'khalira moipa achotsedwa padambo, ndipo nkhalamba ngati iye kumtunda kouma sikakhalitsa.

Kunabwera Kakowa, wachiwiri wake, amene anagwira naye ntchito zaka zonsezo.

"Achimwene, mwadzuka bwanji?"

"Kudzuka kwake kuti? Mafupa onse akuwawa. Wabwerera lipenga?"

"Ndabwera kudzakuonani. Koma mukandipatsa, sindikana."

"Ukalitenga ukanena chiyani pabwalo?"

"Ndikanena kuti munadya, pakuti munadyadi. Ndikanenanso za Nsato, ndipo ndikaonetsa ana chipsera chanucho. Ndikagamula kuti mupepese Chule ndi Khoswe, ndi kuti muzitutira mbalame udzu womangira zisa mpaka imfa yanu. Koma una wanu ukhala wanu. Mudzafera pano, pafupi ndi madzi."

"Ine Ng'azi kututira Nkhwali udzu? Ana akundiseka?"

"Akusekani masiku ochepa, kenaka azolowera."

"Pita, Kakowa. Khosi lako ndi lalitali koma silipinda."

Kakowa anapita.

Pamtengo wa mkuyu pafupi pomwepo pankakhala Gulo, mwana wa mlongo wake wa Ng'azi. Gulo sankatsutsana ndi munthu. Ukati kukutentha, mutu gwede gwede. Ukati kukuzizira, mutu gwede gwede. Ng'azi anam'yang'ana n'kunena mumtima, nayu wanga.

"Iwe Gulo, tatsika. Ukulifuna lipengali?"

"Inde, atsibweni." Mutu gwede gwede.

"Zigoba zija zinabwera ndi madzi kuchokera kumtunda. Si choncho?"

"Inde, atsibweni." Mutu gwede gwede.

"Ukanena zomwezo pabwalo, mlandu uthere pomwepo. Wamva?"

"Inde, atsibweni." Mutu gwede gwede.

Tsiku la mlandu mbalame zinadzaza bwalo. Ng'azi anafika akukoka mchira, n'kuvula lipenga.

"Abale anga," anatero, "ndakalamba, ndatopa. Ndikutula lipenga mwa kufuna kwanga, osati chifukwa cha mabodza awa. Wolinyamula ndi Gulo."

Bwalo linang'ung'udza. Tsekwe anati, "Ha! Kumusiya Kakowa?" Koma mwambo ndi mwambo. Gulo anavala lipenga, ndipo linkakhukhuluzika pansi chifukwa chingwe chinam'talikira.

Gulo anakwera pachulu n'kuyamba kulankhula. "Zigoba zija zinabwera ndi madzi kuchokera kumtunda."

Nkhanga anaimirira. "Iwe mwana, madzi akumtunda amadutsira m'mimba mwa atsibweni ako? Tayang'ana kuno. Anadya kapena sanadye?"

Gulo anayang'ana. Anaona milomo, milomo yokhayokha, yosongoka, kuzungulira chulu chonse.

"Anadya, eti?" anakuwa Nkhanga.

Mutu gwede gwede.

Kakowa anabwera kutsogolo. "Mwini lipenga, ndiloleni ndinene za chaka cha Nsato, kuti bwalo liyeze zonse pamodzi."

Mutu gwede gwede.

Koma Kakowa asanatsegule pakamwa, Nkhwali anafuula, "Za Nsato sizitibwezera ana! Kakowa akhale pansi!"

Mutu gwede gwede.

"Achoke padambo pano!"

Mutu gwede gwede.

"Una wake ukwiriridwe ndi miyala!"

Mutu gwede gwede.

"Achoke lero lomwe, dzuwa lili paliwombo!"

Mutu gwede gwede.

Ng'azi anakwawira pafupi ndi chulu, n'kulankhula motsitsa mawu. "Gulo, mwana wa mlongo wanga, suja unandivomera pamkuyu paja?"

"Ndinavomera, atsibweni."

"Nanga izi?"

"Izinso ndavomera. Pamkuyu paja munali nokha. Pano ali ambiri."

Ng'azi anachoka pachulupo. Anatembenuka n'kuyamba ulendo wopita kumtunda. Palibe anam'ponyera mwala, palibenso anam'tsanzika. Kakowa yekha ndiye anam'perekeza, akuyenda pang'onopang'ono kuti nkhalamba isatsale m'mbuyo, mapiko atatambasula pang'ono kuti am'chitire mthunzi.

Atafika pomwe matope amathera, Ng'azi anaima kuti apume.

"Kakowa, udzu uja ndikanatuta. Tsopano ndikuona kuti ndikanatuta."

"Ndikudziwa, achimwene."

"Bwanji sunandikakamize?"

"Lipenga linali lanu. Imwani madzi apa, kutsogoloku kulibe ena."

Ng'azi anamwa, n'kukwera mtunda. Kakowa anam'yang'anira mpaka udzu unam'bisa.

A Kamtedza akafika pamenepa ankausa moyo, n'kunena kuti musathamangire kuwomba m'manja, ana inu, chifukwa mbalame nazo sizinapindule. Sabata isanathe, Khwangwala anatera pachulu cha Gulo.

"Bwana mlonda, mazira a Nkhwali aja akuoneka ngati osukusa. Ndikawachotse, asanunkhitse dambo?"

Mutu gwede gwede.

Anabwera Njoka, mutu gwede gwede. Anabwera Nyenga, mutu gwede gwede. Lipenga silinalirenso, mpaka chiswe chinalidya lili pakhosi. Mbalame zinapita kwa Kakowa kukadandaula.

"A Kakowa, chitanipo kanthu."

"Nditani, amayi? Tsiku lija munandikhazika pansi. Mwambo ukuti lipenga limachoka kwa mwini wake akalitula yekha. Kamuuzeni alitule."

Mbalame zinapitadi. "Gulo, tula lipenga." Mutu gwede gwede. Koma Khwangwala anatera pambali pake. "Bwana, musatule." Mutu gwede gwede. Ndipo popeza Khwangwala ndiye ankakhala pachulupo tsiku lonse pamene mbalame zili kozonda chakudya, mawu omaliza ankakhala ake nthawi zonse.

Mbalame zinatopa. Imodziimodzi zinasamuka. N'chifukwa chake mpaka lero Nkhanga amabisa mazira ake kutchire, osauza ngakhale mnansi. Kakowa mumamuona ataima yekha m'madzi, akulondera dambo limene palibe anam'patsa. Ndipo Gulo mukam'peza pamtengo, mufunseni chilichonse, muona yankho lake.

Apa ndi pamene a Kamtedza ankathera, ndipo inenso ndithera pomwepa. Mukamapemphera muzikumbukira onse amene anyamula lipenga, pakuti kulinyamula n'kovuta, koma kulitula bwino n'kovuta koposa. Phunziro lake ankalinena motere: ukasankha wolowa m'malo mwako chifukwa sakukanira, dziwa kuti sadzakaniranso okuthamangitsa.