Chitsononkho cha a Kaliati

A Kaliati a ku Chiringa ankadziwa njuchi kuposa anthu. Ming'oma yawo ya makungwa inali m'nkhalango ya boma, m'phiri la Michesi, ndipo uchi wake ndiwo unkadyetsa banja lonse. Tsiku lina m'mawa akusefa uchi pakhonde, akazi awo a Lenia anawakumbutsa.

"Bambo a Fyness, msonkhano uja ndi lero. A zankhalango akuti boma lasiya kulamula lokha. Aliyense akanene chimene amapeza m'phirimo, kuti tigwirizane kasamalidwe kake."

"Chibwerereni matipate, misonkhano ndiye yasanduka ndiwo," anatero a Kaliati akumanga zigubu panjinga. "Ine wanga ndi msika wa ku Migowi. Akandiimire alamu a Hector. Muwauze kuti ming'oma ili kuseri kwa mtsinje, basi."

A Hector, mchimwene wa a Lenia, anali telala waluso ndithu, koma phirilo ankangolionera pakhonde la shopu.

Kumsonkhanoko Mayi Wanangwa, mlangizi wa zankhalango, anauza anthu kuti ajambule okha phirilo pansi. Njerwa inakhala nsonga, mizere ya phulusa inakhala mitsinje. Amayi otola nkhuni anaika timitengo pamene amatola, oluka malichero anaika nsungwi, asing'anga anaika mizu. Oweta njuchi anapatsidwa zitsononkho.

Apa ndiye panagona nkhani. A Hector anazungulira mapuwo, chitsononkho kumanja, thukuta lili kamukamu. Mitsinje ya phulusa inalipo iwiri.

"Pepani, kum'mawa ndi kuti pamenepa?" anafunsa.

"Kumene mwaimako!" anayankha wina.

"Bodza, kumeneko ndi ku Migowi!" anatsutsa mnzake.

"Nanga kuseri kwa mtsinje ndi kuti?"

"Kuseri kwake mukuchokera mbali iti, achimwene?" anafunsa Mayi Wanangwa.

Funso limeneli linawamaliza a Hector. Angavomere bwanji umbuli pamaso pa anthu amene amawasokera zovala? Anangowerama n'kuika chitsononkhocho pamene panali mpata, anthu n'kuomba m'manja. Kenaka msonkhano unagwirizana kuti malo onse a njuchi alambuliridwe njira yotchinga moto, ndipo mbali imene palibe anaikapo kanthu itenthedwe mu Juni, udzu usanaumitsitse, kuti moto wolusa wa m'chilimwe udzasowe chodya.

"Zayenda bwanji, alamu?" anafunsa a Kaliati atabwerako ku msika.

"Bwinobwino. Mpaka anandiombera m'manja."

A Kaliati sanafunsenso. Komiti ya m'mudzi itaitana anthu kukalambula, iwo anati msana wawagwira.

Mu Juni, a Lenia akuanika chinangwa, anayang'ana kuphiri. "Bambo a Fyness, utsi uwo si wa kwanu kuja?"

Msana unachira pomwepo. A Kaliati anakwera phiri chothamanga, koma anapeza zatha. Ming'oma inali makala okhaokha, uchi ukudonthera m'phulusa, njuchi zitathawa zonse. Bambo wamkuluyo anakhala pansi n'kulira, osabisa.

Atatsika analunjika kwa a Makina, wapampando wa komiti. "Mwanditenthera ming'oma, anthu inu!"

"Ming'oma yanu?" anadabwa a Makina. "Ifetu tinailambulira mpaka matuza awa. Tsidya lino la mtsinje, pamene panali chitsononkho chanu."

"Tsidya lino kulibe mng'oma ndi umodzi womwe!"

"Aa! Ndiye tinkatchinjiriza chiyani? Ifetu tinkayamika kuti njuchi za a Kaliati n'zaulemu, sizikutiluma."

A Makina anaitanitsa a Hector, amene anafika tepi yoyezera zovala ili m'khosi. "Munati kuseri kwa mtsinje, alamu," anatero a Hector. "Basi. Mtsinje wake simunatchule. Inenso mpaka lero sindikudziwa kuti njerwa ija inayang'ana kuti."

A Kaliati anayang'ana uyu, anayang'ana uyo, kufuna woti am'thire mlandu, koma sanam'peze. Boma linafunsa, mudzi unayankha, mlamu anachita zimene akanatha. Amene ankadziwa mtengo uliwonse wokhala ndi mng'oma anali ku Migowi tsiku limenelo, akunenerera mtengo wa uchi. Chaka chimenecho pakhomo pawo panalowa njala.

Chako chikakhala pa moto, usatume mnzako kukachiphula. Akulu sananame: wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.