Ejenti Woyambira Kuseri

Anzanga, ndiyambe ndi mathero chifukwa akundiyabwa pakamwa: nyumba tayipeza, tinalowa Loweruka, ndipo a ejenti amene anatipezera nyumbayo ntchito sinawathere. Amayi akungoimba kuyambira tsiku limenelo. Sabata yatha aphunzitsi athu Mayi Kalinde atandiuza kuti fanizo la pa mapemphero a Lachitatu lino ndibweretse ndine, ndinada nkhawa kuti ndikalitenga kuti. Ndiye taonani, fanizo labwera lokha, pa njinga yamoto. Ndalilemba kuti ndisalumphe pena. Zione, usayambe kuseka ndisanawerenge.

Panali munthu wina ku Zomba konkuno amene ntchito yake inali yopezera anthu nyumba za lendi. Ndi aja timawatchula kuti maejenti. Ankayenda pa njinga yamoto, makiyi a nyumba za eni ali lendelende m'chiuno, moti unkamumva asanafike. Akaweruka ankaweta nkhunda. Anali nazo zambiri, ndipo iliyonse ankaidziwa.

Maejenti anzake akafika ndi munthu pa nyumba, ankatsegula chitseko chakumaso, kumuonetsa khonde lopolishidwa ndi pabalaza ponunkhira penti. Koma uyu ayi. Mukangolowa pa geti ankati, "Tiyeni tiyambire kuseri." Ankakuonetsa dzenje la zinyalala, chimbudzi, mng'alu wa pakhoma, pamene denga limadontha. Ukaona zonsezo, m'pamene ankatulutsa kiyi wa kumaso. Anzake ankamuseka. Ankati, "Aise, iwe ukanakhala nkhoswe, m'tauni muno bwenzi mulibe ukwati."

Sikuti anabadwa wotero. Atangoyamba ntchito, nayenso ankabisa. Chimene chinamusintha ndi nkhunda zake zomwezo. Paja munthu akagula nkhunda zatsopano amazithothola nthenga za m'mapiko kuti zisabwerere kumene zachokera. Iye anagula ziwiri, n'kuzithothola, koma khola lake linali lodontha. Nthenga zitamera, zinauluka osabweranso. Tsiku lomwelo anakumana mu msika ndi mayi wina amene anamulowetsa m'nyumba yodontha, ndipo mayiyo anayang'ana kumbali ngati sakumudziwa. Ejenti uja anati mumtima, "Kani anthu ndikuwasunga ngati nkhunda zothothola. Akungodikira nthenga." Kuchokera tsiku limenelo, nyumba iliyonse ankaiyambira kuseri.

Ndiye panali mwini nyumba wina amene anali nazo zisanu ndi imodzi, ndipo makiyi ake onse anali m'chiuno mwa ejenti yemweyu. Imodzi inali ku Chinamwali, m'munsi mwa phiri, ndipo anthu sankakhalitsamo. Kumaso inali yokongola ndithu, koma kuseri kwake madzi ankatumphuka pansi chaka chonse. Matope okhaokha, achule, khoma la khitchini lobiriwira ndi ndere. Mabanja atatu anali atathawamo kale.

Mwini nyumbayo anaitana ejenti n'kumuuza kuti, "Achimwene, iyi yokha muyambire kumaso. Kuseri ndatchingako ndi malata akale, muzinena kuti kuli katundu wanga. Mukaonetsa anthu kuseriko, mundibwezere makiyi anga onse."

Ejenti anabwerera kwawo mutu utaima. Makiyi amenewo ndi amene ankadyetsa ana ake. Musandifunse kuti ndazidziwa bwanji, anatiuza yekha akutithandiza kutsitsa katundu.

M'mawa mwake kunabwera mayi wina ndi mwana wake wamkazi wa Fomu 2. Mwanayo anali wanzeru, waulemu, wooneka bwino… chabwino, ndasiya. Anali amayi anga ndi ine. Kumene tinkakhala, eni ake anali atagulitsa nyumba, ndipo anatiuza kuti pofika Lamulungu tikhale titatuluka. Tinali titayenda masiku anayi osapeza kanthu. Amayi atangoona khonde lija anati, "Basi bambo, ndatenga. Musavutike n'kutsegula."

Mwaona mmene zinaphwekera? Ejenti sankafunika ngakhale kunama. Akanangokhala chete basi. Anaima pamenepo akuseweretsa makiyi aja, kuyang'ana ife, kuyang'ana malata aja, kuyang'ananso ife. Kenako anati, "Pepani mayi, ine ndinasiya kupatsa munthu nyumba asanaone kuseri. Tiyeni."

Anasuntha lata limodzi. Nditangoponda, nsapato yanga inatitimira. Ndinati basi, Lamulungu katundu wathu akhala pa msewu.

Amayi anavula patapata n'kulowa m'matope muja. Anawerama, kutapa dothi, kulifinya m'manja, kulinunkhiza.

"Madziwa amauma mwezi wanji?" anafunsa amayi.

"Sauma, mayi. Vuto lake ndi lomwelo."

"Ngakhale Okutobala?"

"Ngakhale Okutobala."

Amayi anayamba kuseka mpaka misozi. Pajatu mukudziwa kuti amagulitsa masamba mu msika, ndipo zaka zonsezi akhala akulawirira kukapikula kwa anthu a madimba. Anati, "Bambo inu, zaka khumi ndikupempha Mulungu dimba, kani anthu analitchinga ndi malata?" Pomwepo anayamba kuyeza ndi mapazi: apa mpiru, apa repu, apo tomato, ngalande idutse uku kuti madzi achoke pakhoma la khitchini.

Tikadali pomwepo, galimoto inaima pa geti. Mwini nyumba uja. Ataona lata lili pambali, nkhope inachita mdima.

"Achimwene, tinagwirizana chiyani?"

Ejenti anamasula makiyi aja m'chiuno n'kuwapereka ndi manja awiri.

Amayi, matope ali mpaka mu akakolo, anati, "Kodi ndinu eni ake? Ine ndikufuna kukhalamo zaka zitatu, koma tilemberane, kuopa masamba akabiriwira mungadzandichotse."

Mwini nyumba anayang'ana amayi, anayang'ana matope. "Mayi, achulewo mwawaona?"

"Ndawaona, bambo. Sadya mpiru."

Munthu uja anakanda mutu nthawi yaitali. Kenako anabwezera makiyi m'manja mwa ejenti. "Tengani. Koma inu ndinu munthu wovuta, mukudziwa?" Ndipo atalowa m'galimoto anatulutsa mutu pa windo n'kuuza amayi kuti mpiru woyamba asadzagulitse wonse.

Tsono tanthauzo lake ndi ili. Tonsefe tili ndi kumaso, tilinso ndi kuseri. Kumaso ndi yunifolomu yosita bwino, mawu okoma a mu kwaya, ndi "ndili bwino, kaya inu." Kuseri ndi kumene kuli matope: nsanje, mantha a mayeso, mkwiyo umene suuma ngakhale mu Okutobala, pakamwa posatseka ngati pangapa. Tikamapemphera timamuyendetsa Mulungu pakhonde pokhapokha, kuseri titatchinga, poopa kuti akakuona achoka ngati mmene anachokera anthu ena. Koma Iye sathawa matope. Amalowamo, amatapa dothi, ndipo malo amene iwe ukuchita nawo manyazi mwina ndi pomwe akufuna kubzala.

Sindikunena kuti matope ndi abwino ayi. Amayi akumba ngalande masiku awiri, msana ukuwawa, ine matuza ali m'manjamu, mukhoza kuwaona. Koma palibe angakumbe pamene mwini wake watchinga. Ndipo kumbukirani, ejenti uja sankadziwa kuti amayi ndi ogulitsa masamba. Anasuntha lata akuganiza kuti ntchito yamuthera. Ifenso sitingadikire kuti tidziwe kaye mmene zithere. Sunthani lata, muuzeni Mulungu kuti, "Ambuye, kwanga kuno kuli chonchi."

Ndathera pamenepa, Mayi Kalinde, koma mundilole chimodzi chokha. Mawa tikaweruka mubwere mudzaone nokha. Mukatsika pa siteji ya Chinamwali mukwere njira yakuphiri, geti lachitatu kumanzere, mukamva achule mwafika. Mabedi anayi a masamba atha kale, atsala asanu. Zione, Eneless, Tiyanjane, nonsenu mubwere, inunso amadamu. Musavale nsapato za kusukulu, ndipo amene kwawo kuli khasu abwere nalo.