Obadwa Tsiku Limodzi

Ofesi ya bungwe la ogwira ntchito pa esiteti ina ya tiyi m'tsinde mwa phiri la Mulanje inali kachipinda kamodzi kogundana ndi shedi yoyezera masamba. Munali tebulo, mipando itatu ndi kabati yachitsulo yodzaza makadi a mamembala, ena atafiira ndi kukhalitsa, ena chiswe chitawadya m'mbali. Mlembi wa pamenepo anali Ireen Nakhumwa, mayi wa ana awiri, amene anakulira m'nyumba za kampani zomwezo mayi ake akutchola tiyi. Iye ankayang'anira nthambi ya kumtunda. Nthambi ya kumunsi, yokhala ndi ofesi yakeyake, inali m'manja mwa a Pilato Muhiwa, omwenso anali mlembi wamkulu wa bungwe lonse, munthu wochangamuka amene sankafuna kuti ntchito imugonere patebulo.

M'chaka cha 2016 komiti inagwirizana kuti mayina onse achoke pamakadi alowe mu kompyuta. Anaitanitsa katswiri wa ku Blantyre, dzina lake Hudson, yemwe anabwera pa minibasi, n'kuika pulogalamu yake m'makompyuta awiri, n'kuwaphunzitsa alembiwo tsiku limodzi. Munthu aliyense anali ndi tsamba lake: dzina, nambala, gawo la ntchito, ndi bokosi la tsiku lobadwa.

Bokosi limeneli ndi lomwe linamuimitsa Ireen m'mawa wotsatira. Pa makadi makumi awiri oyambirira, asanu ndi anayi anali ndi chaka chokha, ndipo atatu anali ndi chaka ndi mwezi. Eni ake anali anthu obadwira kumudzi, ambiri makolo awo atachokera kutsidya kwa mtsinje wa Ruo, kumene mwana ankabadwa popanda wogwira cholembera. Kompyuta inkakana kusunga tsamba ngati tsiku, mwezi ndi chaka sizinakwane. Ireen anamuimbira foni Hudson, ndipo iye anayankha mosavutika kuti pamene palibe tsiku azingolemba 1 Januwale, poti ndi mmene amachitira aliyense. A Pilato atamva anati nzeru yake ndi yomweyo, ndipo iwo anali atayamba kale kutero.

Ireen sanagwirizane nazo. Anawauza a Pilato mwaulemu kuti dzanja lake likulemera kulemba chinthu chimene mwini wake sananene.

"Bambo, ndikalemba 1 Januwale lero, mawa ndani adzasiyanitse wobadwadi tsiku limenelo ndi amene ndamupekera ine?"

A Pilato anaseka. Anati kompyuta si khoti, ndipo palibe amene adzafunse. Koma Ireen atabwerera patebulo lake analowetsa makadi okwanira okha, osakwanirawo n'kuwamanga ndi mphira, n'kuwabwezera m'kabati.

Patatha masabata awiri a Pilato anali atamaliza mamembala mazana asanu ndi limodzi. Anasindikiza mndandanda wooneka bwino, bokosi lililonse lodzaza, ndipo makadi akale anawatentha kuseri kwa ofesi yawo ponena kuti ankangoitana chiswe. Pamsonkhano wa komiti anthu anawaombera m'manja. Itafika nthawi ya Ireen, anali atalowetsa theka lokha. Mawu anamugwera ngati matalala. Ena anati ndi ulesi, ena anati mayiyu akuopa kompyuta, ndipo wapampando ananena poyera kuti ngati ntchito yamukulira, malo alipo ku shedi kuti azikayeza masamba. Mawuwa anamupweteka Ireen, pakuti ntchito ya mu ofesi ndi imene inkaphunzitsa ana ake. Komabe sanabwerere m'mbuyo. Anapempha zinthu ziwiri: mwezi umodzi, ndiponso kuti Hudson abwerenso adzang'ambe bokosi lija patatu, chaka pachokha, mwezi pawokha, tsiku palokha, kuti chimene sichikudziwika chizikhala chosalemba. Anapemphanso kamzere kolembapo kumene tsikulo lachokera. Komiti inalola monyinyirika, makamaka pofuna kuti nkhaniyo ithe.

Hudson anabwera akudandaula za mtengo wa minibasi, koma ntchitoyo inamutengera masana amodzi okha. Pochoka anavomera kuti akanayenera kuziganizira poyamba pomwe.

Kuyambira pamenepo Ireen akatseka ofesi ankayenda m'mizere ya nyumba za kampani ndi kope m'manja, chiperoni chikumunyowetsa, kufunsa anthu mmodzimmodzi. Ena ankatulutsa makadi a ubatizo m'masutikesi. Ena ankakumbukira mwezi koma osati tsiku. Ena sankadziwa china koposa chaka. Mmodzi wa otere anali a Bizwick Khoromana, kapitawo wa otchola tiyi, amene khadi lawo linkangoti 1957. Anamukhazika Ireen pakhonde n'kumuuza kuti mayi awo ankati anabadwa ngumbi zikutuluka, chaka chimene banja linawoloka Ruo. Ireen anafunsa ngati zinali ngumbi za kumayambiriro kwa chaka kapena za kumapeto, pakuti zimatuluka uku ndi uku. A Bizwick anapukusa mutu.

"Lembani chilichonse, mwanangu. Ine kompyutayo sindidzaiwerenga."

"Inu simudzaiwerenga, bambo, koma iyo idzakuwerengani," anatero Ireen.

Analemba chaka chokha. Mwezi ndi tsiku anasiya poyera, ndipo pakamzere kaja analemba mawu a mayi awo monga anawamvera. Mwezi umene anapatsidwa unatha asanamalize, anawonjezera masabata ena awiri akupirira miseche, kenaka anapereka mndandanda wake. Unali wamawangamawanga, mabokosi ambiri opanda kanthu, ndipo palibe amene anaomba m'manja.

Mu Disembala akuluakulu a esiteti anapempha bungwe kuti liwapatse mayina a onse okwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi m'chaka chotsatira. Pangano la bungwe ndi esiteti linkati munthu azipuma ntchito kumapeto kwa mwezi umene anabadwa, ndipo azituluka m'nyumba ya kampani nthawi yomweyo. Linkatinso ngati mwezi sukudziwika, munthuyo agwire mpaka chaka chithe. Alembi awiriwo anasindikiza mayina, a Pilato anadinda chidindo cha bungwe, mapepala n'kupita.

Makalata anatuluka Khirisimasi itayandikira. Ku nthambi ya kumtunda kunalibe phokoso. A Bizwick ndi anzawo khumi ndi mmodzi a chaka chokha anauzidwa kuti agwira mpaka Disembala winayo. A Bizwick anafika pa ofesi ya Ireen ndi kalata yawo m'thumba la malaya. Mwana wawo wotsiriza, Millie, anali Fomu 4, ndipo akanatuluka m'nyumba mu Januwale akanapita naye kumudzi kufupi ndi malire, kutali ndi sukulu yake, mayeso atatsala miyezi yochepa. Anamugwira dzanja Ireen ndi manja awiri n'kunena kuti tsopano amvetsa chifukwa chake anakana kuwapekera.

Kumunsi kunali kulira. Anthu khumi ndi asanu ndi anayi analandira makalata ofanana, onse obadwa pa 1 Januwale 1957, onse oyenera kutuluka m'nyumba Januwale akamatha, mvula ili pakati, kumudzi asanafolere n'komwe. Anasonkhana pa ofesi ya a Pilato ndi akazi awo ndi amuna awo, kufunsa kuti tsiku limenelo analitenga kuti. A Pilato anathamangira kwa manijala kukafotokoza kuti masikuwo anali ongodzazira. Manijala anawaonetsa chidindo chawo chomwe papepalalo, n'kufunsa kuti iye adziwa bwanji opekedwa ndi enieni. Anati abweretse makadi akale aone. A Pilato anatuluka opanda choti akabweretse, pakuti makadiwo anali phulusa kalekale.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, a Pilato anakwera mtunda akuyenda wapansi mpaka ku ofesi ya Ireen. Munthu amene ankalowa osagogoda, tsiku limenelo anaodira. Anakhala pampando chipewa chili pabondo, nafotokoza zonse osadzibisa. Ireen sanawakumbutse za kuseka kwawo kuja. Anayatsa kompyuta, nawerenga mayina a nthambi zonse ziwiri, n'kuwauza kuti mawa apite limodzi kwa manijala.

Kumeneko Ireen anaika mapepala awiri patebulo. Anasonyeza kuti ku nthambi yake, pa mamembala oposa mazana asanu, obadwa pa 1 Januwale anali awiri okha, ndipo aliyense anali ndi khadi la ubatizo lomuikira umboni. Ku nthambi ya kumunsi obadwa tsiku limenelo anali oposa mazana awiri.

"Bwana, anthuwa amachokera m'midzi imodzi ndipo amatchola m'minda yoyandikana. Kodi amayi a kumunsi okha ndi amene ankadikira chaka chatsopano kuti achire?"

Manijala anayang'ana mapepalawo, nayesa kudzigwira, koma kuseka kunamupulumuka. Anavomera kuti mndandanda wa kumunsi sungakhale woona. Komabe anati sangafafanize makalata ndi mawu apakamwa. Anawapatsa masabata atatu kuti abweretse mndandanda wina wa anthu khumi ndi asanu ndi anayi aja, wolembedwa monga wa kumtunda, dzina lililonse ndi gwero lake.

Masabata atatu amenewo anthu a kumunsi anaona zachilendo: Ireen patsogolo ndi kope, a Pilato pambuyo atamugwirira ambulera. Analowa nyumba ndi nyumba. Anapita ku Mulanje Mission kukapempha kuona mabuku akale a ubatizo, napezamo mayina atatu. Awiri ena anawapeza m'buku lakale lolembera anthu ntchito limene linali m'sitolo ya fakitale, masamba ake atamatirana ndi chinyezi. Pamene sanapeze umboni wa mwezi, a Pilato okha ankati asiye poyera. Tsiku lina mkulu wina amene mwezi wake unali utapezeka anawanong'oneza kuti angomulembera Disembala kuti akhalitse. A Pilato anakana, nati bodza limodzi lawakwanira.

Tsiku lomaliza anapereka mndandanda. Pa anthu khumi ndi asanu ndi anayi aja, asanu anapezeka ndi miyezi yawo yeniyeni, kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Khumi ndi atatu anali a chaka chokha, ndipo makalata awo anasinthidwa kuti agwire mpaka Disembala. Mmodzi yekha, mayi Emma Mulele, ndi amene anatsala pa 1 Januwale, chifukwa iwo anabadwadi tsiku limenelo, ndipo anali ndi khadi lotsimikiza. Mayiwo sanadandaule. Anati nyumba yawo kumudzi inali yofolera kale, ndipo pa anthu onse aja ndi iwo okha amene kompyuta inawanenera zoona.

Pamsonkhano waukulu wa mamembala mu Febuluwale shedi inadzaza mpaka anthu ena anaima panja m'mvula. Wapampando yemwe uja ankanena zokamuyezetsa masamba Ireen ndi amene analengeza kuti kaundula wa nthambi zonse ziwiri tsopano akhala m'manja mwake, ndi kuti mayina mazana awiri otsala a kumunsi akonzedwa mwa njira yake. A Pilato anapempha kuyankhula. Anati iwo anamaliza ntchito m'masabata awiri n'kutsala pang'ono kugonetsa mabanja khumi ndi asanu ndi atatu pamvula, pamene mnzawo anachedwa n'kunyozedwa koma sanagwetse denga la munthu ndi mmodzi yemwe. Amayi a kumunsi anayambitsa nthungululu, ena anavula zitenje n'kuziyala pansi kuti Ireen ayendepo popita kutsogolo. Iye anayenda mwamanyazi, nathokoza ndi mawu ochepa, n'kupempha kuti amene ali ndi makadi a ubatizo kunyumba abwere nawo Lolemba.

Anthu anabalalika akukambirana za mayi amene analimba mtima kusiya poyera pamene sakudziwa, nadikira mpaka choona chitatuluka chokha. Akuluakulu sananame pamene anati kuona maso a nkhono n'kudekha.